MuseScore Studio: yandithandiza kumaliza nyimbo yanga ya piyano

Ndimaimba kiyibodi kutchalitchi, ndipo ndikapeza mpata ndimapekako nyimbo za piyano, ngakhale sindinapite kusukulu ya zoimbaimba. Ndemangayi ndikulembera inu amene muli ndi nyimbo yokoma poyambira koma mathero ake akukanika. Ine yanga ndaimalizira mu MuseScore Studio, pulogalamu ya pakompyuta yolembera manotsi a nyimbo n'kuwamvetsera, ndipo pulogalamuyi ndikuiyamikira ndi mtima wonse.

Ndi yaulere. Mumaitenga pa musescore.org, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo ikalowa mu laputopu mumalemba popanda intaneti. MuseScore ya pafoni ndi yowerengera ndi kumvetsera nyimbo basi, kulemba kumafuna kompyuta. Mukadina N mwayamba kulemba: zilembo A mpaka G ndiwo manotsi, ndipo manambala amasankha kutalika kwa notsi, 5 ndi crotchet, 4 ndi quaver, 6 ndi minim. Ife tinakulira tonic solfa ya kukwaya timayamba mwapang'onopang'ono, koma maso amazolowera msanga chifukwa notsi iliyonse imalira pomwe mwaiika.

Phindu lake lenileni ndi ili. Munthu ukamaimba nyimbo yako, zala zimakubisira zofooka. Pamalo posalongosoka umachedwako pang'ono, umaponda pedal, lero uimba mwina, mawa mwina, n'kumaganiza kuti zili bwino. Kompyuta ilibe chifundo chotero, imaimba zokhazo zimene mwalemba. Nditamvetsera nyimbo yanga yonse manja ali pamiyendo, ndinazindikira kuti dzanja lamanzere linkaunjika manotsi oyandikana pansi penipeni, moti mawu ake ankamveka ngati madzi ovunduka. Ndinawatalikitsa, pansi n'kusiya octave (mtunda wa manotsi asanu ndi atatu) kapena fifth (wa manotsi asanu), ndipo nyimbo inayera. Chigawo chapakati chili mu D minor, ndipo chinkabwerera modzidzimutsa ku F major, komwe nyimbo inayambira. Ndinawonjezera kachigawo kakafupi kokhazikika pa chord ya C (chord ndi manotsi angapo olira pamodzi) kuti khutu liyambe kulakalaka kubwerera kwawo. Kuyesa mathero osiyanasiyana n'kosavutanso: mumasunga fayilo iliyonse ndi dzina lake, mawa n'kuzimvetsera zonse mutu utapuma.

Mawu a piyano a Muse Sounds, omwe anabwera ndi MuseScore 4 mu Disembala 2022, ndi okoma kwambiri. Mafayilo ake ndi aakulu, choncho pezani Wi-Fi m'malo mothera bandulo. Ngati laputopu yanu ndi yakale, mawu a MS Basic, omwe amabwera ndi pulogalamuyi, ndi opepuka ndipo akukwanira pa ntchito yokonza.

Koma chonde musaiwale kuti makina alibe zala. Adzaimba bwinobwino chord yomwe dzanja la munthu silingatambasukire, kapena manotsi othamanga omwe palibe angawakwanitse. Anthu ambiri octave amaifikira, koma tenth (mtunda wa manotsi khumi) ndi ya manja aakulu okha. N'chifukwa chake chigawo chilichonse ndinkabwerera nacho pa kiyibodi, ndipo pomaliza ndinasindikiza n'kupatsa mnzanga wodziwa kuwerenga manotsi kuti aimbe ine nditakhala chete. Pomwe anakayikira, m'pomwe ndinaika zizindikiro za zala, za pedal ndi za kukweza kapena kutsitsa mawu. Zonsezi zili m'mapaleti, timabokosi ta zizindikiro ta kumanzere kwa sikirini.

Mukamaliza mumatulutsa PDF yosindikiza, MP3 yotumiza pa WhatsApp, kapena MusicXML (fayilo yomwe mapulogalamu ena olembera nyimbo amatsegula) ngati mphunzitsi wanu amagwiritsa ntchito pulogalamu ina. Ngati cholinga chanu n'kujambula ndi kusakaniza mawu monga kusitudiyo, funani china. Iyi ndi ya munthu wofuna kuti nyimbo yake ikhale papepala, woimba wina aitenge n'kuiimba mwini wake palibe.