Miyezi 11 ndi ka DAC ka m'thumba: mawu ndi okoma, koma kachingwe kandionetsa zakuda

Sabata yatha mnzanga wina wa kuntchito anandipeza ndikulimbana ndi foni, kachipangizo kakulendewera kunsi kwake ngati mchira wa khoswe. Anaima n'kuyang'anitsitsa kaye, kenako n'kufunsa kuti, "Achimwene, kanthu kanuka ndigule nanenso? Kapena ndi zongotayitsa ndalama?" Ndinayasamula kukamwa kuti ndiyankhe koma mawu sanabwere msanga. Akanandifunsa mwezi woyamba ndikanamuuza kuti gulani lero lomwe. Akanandifunsa mwezi wachisanu ndi chiwiri ndikanamupatsa kangaka kwaulere, mwinanso n'kumuthokoza pondichotsera mtolo. Tsiku limenelo ndinangoti ndikulemberani, ndiye ndi izi ndikulembazi.

Kwa amene sanakaonepo, ndi kachitsulo kotalika ngati chala cha mkombaphala. Mbali imodzi kamalowa pa USB-C ya foni, mbali inayo mumabayapo mahedifoni a waya. Nyimbo ikakhala m'foni imakhala manambala chabe, ndipo pamafunika tchipi yoti isandutse manambalawo kukhala mphamvu ya magetsi yogwedeza timasipika ta m'makutu. Tchipi imeneyo ndiye DAC, ndipo pambali pake pamakhala ka amplifier kokankha mawuwo. Kale zonsezi zinkakhala m'kati mwa foni, kuseri kwa kabowo ka 3.5 mm kobayapo mahedifoni. Apple itachotsa kabowoko pa iPhone 7 mu 2016, makampani ena anatsatira mmodzimmodzi, ndipo ife okonda waya tinatsala tikuyang'ana kumwamba. Foni yanga yatsopano inabwera yopanda kabowo, pamene mahedifoni a waya ndinali nawo kale awiri. Kugula kwanga kunayambira pamenepo, osati pa ukatswiri wa makutu ayi.

Kanga kali ndi mabowo awiri, la 3.5 mm ndi la 4.4 mm, timabatani tiwiri ta voliyumu, kagetsi kamene kamasintha mtundu malinga ndi fayilo imene ikuyimba, komanso kachingwe kafupi kozuka mbali zonse ziwiri. Kuzuka kwa kachingweko mukukumbukire, tikubwerera komweko.

Zimene zimayenda bwino sizifuna mawu ambiri. Ukangobaya pa foni kamayamba pompo, popanda kuikamo pulogalamu iliyonse. Pa laputopu chimodzimodzi. Chitsulo chake chagwa pansi kangapo, changokalika m'makona basi. Kamafunda ukamvera nthawi yaitali koma sikatentha koti n'kukudetsa nkhawa. Timabatani sitinafe.

Pa nkhani ya mawu ndilankhule mosabisa, chifukwa apa ndi pamene anthu timanamizana kwambiri. Masiku oyamba ndinkamva ngati wina wanditsukula m'makutu. Ndinkauza aliyense kuti ndikumva zida zimene sindinazimvepo m'nyimbo zimene ndakhala nazo zaka zambiri. Patapita miyezi itatu ndinapempha mlongo wanga kuti andithandize kuyesa. Ndinakhala chofulatira, iye n'kumasinthasintha pakati pa kachipangizo kanga ndi kachingwe wamba kotchipa kamenenso kali ndi DAC m'kati, voliyumu titaiyeserera kuti ifanane. Ndi timahedifoni tanga ta m'makutu ta 16 ohms (ma ohms ndi muyezo wa mmene mahedifoni amakanira magetsi), ndinalephera kusiyanitsa. Ndinkangolotera, pena kulondola pena kuphonya. Mlongo wangayo anaseka mpaka misozi. Zinapezeka kuti zambiri zimene ndinkazitcha kukoma kunali kukwera kwa voliyumu, poti khutu la munthu likamva chinthu mokwezako pang'ono limati chakoma.

Koma titatenga mahedifoni anga akale aakulu, a 250 ohms, amene ndinali nditawaponya m'kabati poganiza kuti anatha, nkhani inasintha. Amenewo amafuna mphamvu yowakankha. Pa kachingwe kotchipa kaja ankamveka ngati munthu akuyimba ali m'chipinda china chitseko chili chotseka, ngakhale voliyumu itafika kumapeto. Pa kachipangizoka, kamene kamatulutsa mavoti awiri pa bowo la 3.5 mm, anadzuka. Bezi inayamba kugunda molimba osati kungofufuma, ndipo mawu a woyimba anabwera kutsogolo. Pamenepo sindinaphonye ngakhale kamodzi. Ndiye ngati wina akufunsa kuti kodi kamakometsadi mawu, yankho lili pa zimene mukufuna kubayapo.

Manambala a pa bokosi la kachipangizoka, 32-bit ndi 384 kHz, onena za kukula kwa mafayilo a nyimbo amene kangathe kuyimba, ndinasiya kuwalabadira. CD imasunga nyimbo pa 16-bit ndi 44.1 kHz basi, zimene n'zokwanira kale, poti khutu la munthu, ngakhale la mwana, limalekezera cha pa 20 kHz. Langa la munthu wamkulu silifikanso n'komwe pamenepo. Komanso Android mwachizolowezi imasakaniza mawu onse pa 48 kHz isanawatumize kunja, pokhapokha mutagwiritsa ntchito pulogalamu yolankhula mwachindunji ndi DAC. Android 14 ya mu 2023 ndi imene inatsegula njira yoti mawu adutse osakhudzidwa, komabe zimatengera foni ndi pulogalamu yake. Ndinataya madzulo angapo ndikusakasaka kuti kagetsi kaja kasinthe mtundu. Katasintha ndinasangalala, koma makutu sanandiuze chilichonse chatsopano.

Tsopano vuto lenileni. Linayamba mwezi wachinayi. Ndikuyenda, foni ili m'thumba la buluku, nyimbo inangoti zii. Kutulutsa foni, kagetsi kazima. Kugwedeza pang'ono kachingwe, kayakanso. Ndinati mwina ndakankha ndekha. Mawa lake chimodzimodzi. Pofika kumapeto kwa mweziwo ndinali nditadziwa kuti ndikakwera masitepe nyimbo iduka, ndikakhala pansi iduka, ndikawerama kumanga nsapato iduka. Ndinayamba kuyenda nditagwira foni m'manja ngati ndanyamula dzira.

Kudukako pakokha ndikanapirira. Chimene chinandiopsa ndi chakuti nthawi zina kachipangizoka kakadukiza n'kubwereranso, kankaiwala voliyumu imene ndinasiya n'kuyambira pamwamba. Tsiku lina m'mawa ndili ndi timahedifoni ta m'makutu tija, timene timafuula ngakhale ndi mphamvu yochepa, nyimbo inaduka, ine n'kugwira thumba, ndipo inabwerera ndi mphamvu yonse. Ndinazula timahedifonito ngati mwalowa njuchi. Khutu lamanzere linalira kuti ngwiii mpaka masana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole 80 dB (muyezo wa kukwera kwa mawu) kwa maola 40 pa sabata, ndipo mawu akamakwera nthawi yotetezekayo imafupika msangamsanga. Zimene zinalowa m'khutu langa tsiku limenelo zinapyola 80 kutali kwambiri. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuimitsa nyimbo ndi kuchotsa mahedifoni ndisanakhudze kachingwe, mwambo umene mpaka lero sindinausiye.

Ndinalembera wogulitsa. Anayankha mwaulemu ndithu, "Pepani bwana, tayesani kaye kuyeretsa pobayira pa foni yanu." Ndinapsa mtima. Ndinaona ngati akundiyesa mwana, akufuna kukankhira mlandu pa foni yanga. Komabe ndinazimitsa foni, n'kutenga kamtengo kosongoka, n'kuyamba kutokosa pang'onopang'ono ndikuwunikira ndi tochi. Zimene zinatuluka ndinachita nazo manyazi: kampira ka tiulusi ta m'thumba tosakanikirana ndi fumbi, kolimba ngati thonje lopanikizidwa. Nthawi zonse pobaya tchaja ndinkakhala ndikukasindikizira m'kati. Nditachotsa, pulagi inalowa n'kumveka kuti tswa, kulira kumene ndinali nditaiwala kuti kumakhalapo. Ndinalembanso kwa wogulitsa uja kupepesa.

Kwa masabata asanu zonse zinali myaa. Ndinayambanso kukatamanda.

Kenako vuto linabwerera, ulendo uno pobayira pali poyera. Ndinayesa pa laputopu, kungopinda kachingwe pafupi ndi pulagi nyimbo n'kuduka. Ndikayang'anitsitsa, pakhosi pa pulagi pamene pulasitiki yolimba imakumana ndi waya wofewa panali patatupa pang'ono, chizindikiro choti timawaya ta m'kati tathyoka. Zomveka ndithu. Muyezo wa USB-C umati pulagi ipirire kubaya ndi kuzula ka 10,000, koma kumeneko ndi kulowa ndi kutuluka mowongoka. M'thumba ndi nkhani ina. Foni ili chilili, kachitsulo kakulemera kumapeto, ntchafu ikupinda wayayo sitepe iliyonse, tsiku ndi tsiku. Kachingwe kafupi kolimba ngati kameneka kalibe poti kapumire.

Apa ndi pamene ine ndi wogulitsa tinayamba kukokanakokana. Anapempha lisiti, ndinatumiza. Anapempha vidiyo yoonetsa vutolo, ndinajambula. Anati vidiyoyo sikuonetsa bwino kagetsi, ndinajambula ina usiku magetsi nditazimitsa. Patadutsa masiku asanu ndi anayi osayankha, kunabwera meseji yochokera kwa munthu wina, amene anayambiranso pachiyambi kundifunsa ngati ndayesa kuyeretsa pobayira. Nditafotokoza zonse kachiwiri, anandiuza kuti waranti ya chaka chimodzi ndi ya kachipangizo kokha, kachingwe amakawerenga ngati chinthu chotha ndi ntchito. Ndinabwerera pa tsamba limene ndinagulira kukafufuza mawu amenewo. Analipodi, m'munsi mwenimweni, m'timalemba toti munthu uwerenge utatsinzina diso limodzi. Anawonjezera kuti ngati ndikukayikira kachipangizo kenikeniko ndikatumize akakaunike, koma ndalama yotumizira ndi yanga, ndipo akakapeza kuti kalibe vuto ndilipiranso yobwezera. Nditawerengetsera, ulendo wopita ndi wobwera unkadya pafupifupi theka la ndalama imene ndinagulira. Mwezi wachisanu ndi chiwiri umenewo, uja ndanena kuti ndikanakapereka kwaulere.

Ndinakaponya m'dirowa milungu itatu n'kubwerera ku mahedifoni a Bluetooth. Ndisaname, ufulu wake ndinaumva. Palibe cholendewera, foni ikalira umangoyankha. Paja kachipangizo kanga sikadutsa mawu a maikolofoni ya pa mahedifoni, chinthu chimene sindinafunse pogula, ndiye munthu akaimba ndimayenera kuyandikitsa foni kukamwa. Komanso kamatseka pobayira tchaja, pamene iko komweko kakumwa batire ya foniyo. Foni imene inkafika usiku inayamba kupempha tchaja dzuwa lisanalowe ndikamvera kwambiri. Zonsezi ndinazikumbukira bwino m'milungu itatu imeneyo ndipo ndinkadziuza kuti ndapulumuka.

Chinandibweza ndi mahedifoni aakulu aja. Usiku wina ndinawafuna, ndipo panalibe china m'nyumba choti n'kuwayendetsa. Ndinatenga chingwe cha USB-C cha tchaja, chachitali mita yathunthu, n'kubaya. Kanayimba bwinobwino usiku wonse osadukiza. Kachipangizo kanalibe mlandu. Ndinagula kachingwe kena kafupi kofewa, kolukidwa, kokhala ndi pulagi yopindika ngati chigongono kuti isamatulukire kunja kwambiri, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi wotumizira uja. Choyamba chimene ndinagula sichinagwire n'komwe, chifukwa zingwe zina n'zotchajira basi, sizidutsa data. Chachiwiri ndiye chili pano mwezi wachinayi. Ndinamatanso kachipangizoko kumsana kwa chikwama cha foni ndi kazomatira kuti kasamalendewere. Sizooneka bwino, koma kuduka kunatha. Pamenepa ndi pamene ndinayamikira kuti kachingwe kake ndi kozuka. Kakanakhala komatirira monga timakhalira tambiri totchipa, bwenzi waya wothyoka yekhayo atapha chinthu chonse.

Kuiwala voliyumu kuja sikunathe. Kukungobisala chifukwa kudukako kwasowa. Nditamufunsa wogulitsa ngati pali firmware yatsopano, pulogalamu ya m'kati mwa kachipangizoka, yokonza zimenezi, anati afunsa ku fakitale. Papita miyezi itatu. Chodabwitsa n'chakuti mwezi watha kunafika kaphukusi kopanda kalata iliyonse, m'kati muli kachingwe katsopano, kofanana ndendende ndi kamene kanathyoka. Kaya ndi munthu woyamba uja anandimvera chisoni, kaya ndi wachiwiri, palibe anandiuza. Ndinathokoza pa meseji, sanayankhe. Kali m'dirowa, sindinakamasule.

Ndikawerengera zonse, kachipangizo, zingwe ziwiri, kazomatira, ndi madzulo onse amene ndinataya ndikujambula mavidiyo a kagetsi, ndawononga ndalama yoposa imene ndinkaganiza, ndipo gawo lalikulu la ndalamayo lagulira mphamvu imene timahedifoni tanga ta tsiku ndi tsiku sitiifuna. Komano mahedifoni amene ndinkafuna kutaya ndikuwamvera pafupifupi usiku uliwonse, ndipo kugula ena olingana nawo kukanandidya kwambiri. Masiku amene ndakhala pampando ndi amenewo ndimaona kuti ndinagula bwino. Masiku amene ndikuthamangira kuntchito foni n'kulira, ine n'kumasokonezeka ndi mawaya, ndimadzifunsa kuti ndinkafuna chiyani.

Mnzanga uja ndinamufunsa kuti amamvera ndi chiyani. Anatulutsa m'thumba timahedifoni tating'ono ta m'makutu timene anagula limodzi ndi foni yake yakale. Ndinamuuza kuti agule kachingwe wamba kotchipa, angoonetsetsa kuti kali ndi DAC m'kati, poti tina timangodutsa mawu kuchokera m'foni ndipo pa mafoni ambiri sitiyimba n'komwe. Ndalama yotsalayo aisunge, adzagulire mahedifoni abwinopo. Akadzafika pamenepo n'kufunabe ngati kangaka, adzafunse wogulitsa mafunso atatu asanalipire, ndipo mayankho ake akhale olembedwa: kachingwe kamazuka kodi, waranti ikukhudza kachingweko, ndipo kakawonongeka wolipira ndalama yotumizira ndani. Anagwedeza mutu, kenako anapempha kuti abwereke kanga Loweruka ndi Lamlungu akamve yekha. Ndinamukaniza. Ndinamupatsa kachingwe kotchipa kaja tinkayesera ndi mlongo wanga.