Wosewera wa sabata mu mpira wa makoleji ku America: mndandanda wa ndani ndi wodalirika?

Pa sabata imodzi mu Okutobala, matimu a American football (mpira wothamanga nawo m'manja ndi kuuponya) a makoleji akuluakulu ku America, omwe ndi oposa 130, amasewera magemu opitirira 50. Palibe munthu amene angaonere onsewo, makamaka ife a kuno, pakuti gemu yoyamba 12 koloko masana kummawa kwa America imatipeza 6 koloko madzulo, ndipo ya usiku imayamba cha m'ma 1:30 anthu ali mtulo. Ambiri timadikira Lamlungu ndi Lolemba kuti timve amene wapatsidwa ulemu wa wosewera wa sabata, kenako n'kukasaka makanema ake. Vuto lake ndi lakuti opereka ulemuwo ndi ambiri, ndipo sayang'ana chinthu chimodzi.

Kwa zaka zambiri wofulumira kuposa onse anali Walter Camp Football Foundation, bungwe la ku New Haven, Connecticut, lotchedwa dzina la bambo wa ku Yale amene anakonza malamulo ambiri a masewerawa. Iwo ankatulutsa mayina Lamlungu, fumbi lisanakhazikike: wosewera mmodzi wa mbali yomwetsa ndi mmodzi wa mbali yotchinga, m'dziko lonse. Ubwino wake unali wakuti sankakutayira nthawi. Koma kusankha anthu awiri mwa osewera masauzande m'maola ochepa kumatanthauza kuti diso limathamangira manambala aakulu, ndipo manambala amanama nthawi zina. Pa 15 Novembala 2014 Melvin Gordon wa Wisconsin anathamanga mayadi 408 polimbana ndi Nebraska, n'kuphwanya mbiri ya LaDainian Tomlinson ya mayadi 406 pa gemu imodzi imene inakhalapo kuyambira 1999. Anachita zimenezi m'makota atatu okha, yachinayi anapuma. Patangotha sabata imodzi, Samaje Perine wa Oklahoma anathamanga mayadi 427 pa Kansas. Pa pepala Perine ndiye wamkulu. Koma Nebraska inali timu yolimba chaka chimenecho pamene Kansas inkangokunthidwa ndi aliyense, ndipo masapota amatsutsanabe za gemu imene inali yovuta kwambiri pa ziwirizo. Mndandanda wa anthu awiri ulibe malo ofotokozera zimenezo.

Lolemba ndiye kumabwera mindandanda ya maligi, ndipo apa m'pamene pali kusiyana kumene anthu ambiri sakuona. Ligi ya Big Ten, imene kuyambira 2024 ili ndi matimu 18 chilowereni USC, UCLA, Oregon ndi Washington, imapereka ulemu m'magawo anayi: womwetsa, wotchinga, wa mbali ya mipira yomenya ndi phazi, ndi wa chaka choyamba. SEC, ya matimu 16 chibwerereni Texas ndi Oklahoma, ili ndi magawo omwewo koma imawonjezera awiri: wosewera wa pamzere wa mbali yomwetsa ndi wa pamzere wa mbali yotchinga. Kwa ine awiri owonjezerawa ndi amene amachititsa mndandanda wa SEC kukhala wabwino kuposa wa Big Ten. Zimphona za pamzere zija, zolemera makilo 140 ndi kupitirira, sizigwira mpira, sizimwetsa, dzina lawo limamveka pokhapokha zikalakwa. Koma running back, wothamanga ndi mpira, akadutsa pa mpata woti ngolo ya ng'ombe n'kulowa, amene wagwira ntchito ndi uja watsegula mpatawo. Ku Big Ten munthu ngati ameneyu ayenera kulimbana ndi quarterback, woponya mipira wa timu, amene waponya ma touchdown (zigoli za masewerawa) asanu, ndipo tikudziwa amene amapambana pamenepo. ACC imapitirira apo, imapereka ulemu pa malo alionse payekha, moti mndandanda wake ndi wautali, ngakhale kuti kutalikako kumachepetsa kulemera kwa dzina lililonse.

Mindandanda ya maligi ili ndi nthenda yake. Sukulu ndi zimene zimatumiza mayina a ana awo, ndipo ligi ndi ya sukulu zomwezo. Pakakhala mpungwepungwe, kawirikawiri amangolemba mayina awiri pa ulemu umodzi kuti aliyense apite kwawo akusekerera. Komanso wosewera wa timu imene yagonja amavutika kulowa, ngakhale atachita zodabwitsa. Taganizirani gemu ya mu Okutobala 2016 ku Lubbock: Patrick Mahomes wa Texas Tech anaponya mayadi 734, koma timu yake inagonja 66-59 kwa Oklahoma ya Baker Mayfield, amene anaponya mayadi 545 ndi ma touchdown 7. Wopambana pa awiriwa ndani? Yankho lanu limasonyeza ngati mumaona ulemuwu ngati wa munthu kapena wa timu, ndipo mikangano yambiri ya masapota imachokera pomwepo, ngakhale iwo amaganiza kuti akukangana za manambala.

Za mavoti a masapota sindichedwapo. Manning Award, imene imayendetsedwa ndi a Sugar Bowl ku New Orleans, imatchula ma quarterback angapo sabata iliyonse n'kusiyira anthu kuti avote pa intaneti. Davey O'Brien Award ya ku Fort Worth imatulutsa mayina asanu ndi atatu otchedwa Great 8, ndipo nayonso imapatsa masapota gawo lovota nyengo ikamapita kumapeto. N'zosangalatsa, koma voti yotere imayeza kuchuluka kwa anthu amene ali ndi foni ndi mtima wa pa timu yawo. Bwalo la Michigan limalowa anthu oposa 107,000, la Boise State silifika ndi 40,000 pomwe. Mwana wa sukulu yaing'ono angapambane pokhapokha tauni yonse itasiya ntchito n'kumadina. Mphoto ziwirizi ndi za ma quarterback okhaokhanso, moti wotchinga alibe polowera. Eni ake a Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wopambana wa chaka chonse, anazindikira zimenezi kalekale: atolankhani ali ndi mavoti 870, opambana akale amavota aliyense yake, koma masapota onse pamodzi amawerengedwa ngati voti imodzi.

Tsono pali PFF (Pro Football Focus), kampani ya ku Cincinnati imene inayambitsidwa ndi Neil Hornsby wa ku England, ndipo Cris Collinsworth anagula gawo lalikulu mu 2014, chaka chomwe anayambanso kuyeza mpira wa makoleji. Iwo sayambira pa manambala a gemu. Antchito awo amaonera kanema, n'kupatsa wosewera aliyense malikisi pa sewero lililonse, kuyambira -2 mpaka +2, kenako n'kuwasandutsa chiwerengero cha pakati pa 0 ndi 100. Quarterback akaponya mpira wabwino koma mnzake n'kuugwetsa, woponyayo amalandirabe malikisi. Akaponya mpira molunjika m'manja mwa mdani, mdaniyo n'kulephera kuugwira, amamudula ngakhale kuti pa pepala sipalembedwa cholakwa. N'chifukwa chake timu yawo ya sabata imadzaza ndi mayina achilendo: wotchinga wa pakona amene palibe analimba mtima kuponyera mbali yake, kapena wa pamzere wa sukulu imene simunaimvepo. Otsutsa, kuphatikizapo makochi ndi osewera ena, amati munthu woonera kanema sadziwa chimene kochi analamula, ndiye angadule malikisi kwa wosewera amene anachita ndendende zimene anauzidwa. Mfundoyo ndi yomveka, ndipo ine sindikhulupirira kusiyana kwa 88 ndi 91. Koma kusiyana kwa 60 ndi 90 ndimakukhulupirira. Choipa china n'chakuti zambiri zakuya zili kuseri kwa malipiro a pamwezi, m'madola.

Nyengo ya 2024 inaonetsa bwino mmene njira zimenezi zimasiyanira. Ashton Jeanty wa Boise State anatsegula chaka ndi mayadi 267 ndi ma touchdown 6 pa Georgia Southern, sabata yotsatira n'kuthamanga mayadi 192 pa Oregon, ngakhale anagonja 37-34. Munthu wotere mphoto za sabata zimamukonda, chifukwa ntchito yake imakwana mu mzere umodzi. Anamaliza chaka ndi mayadi 2,601, kupereweza 27 kuti afike pa mbiri ya Barry Sanders ya 1988. Travis Hunter wa Colorado ankasewera mbali zonse ziwiri, kugwira mipira ndi kutchinga, nthawi zambiri masewero oposa 100 pa gemu imodzi. Ukulu wake sunkaoneka pa gawo limodzi la mndandanda, chifukwa mindandandayo inagawidwa poganiza kuti munthu ndi womwetsa kapena wotchinga. Kumapeto Hunter anatenga Heisman ndi mapointi 2,231, Jeanty 2,017, mpata wochepetsetsa chiyambire 2009. Jeanty anatenga Maxwell Award, Hunter anatenga ya Walter Camp ya chaka chonse. Mabungwe atatu ofunsa funso limodzi, mayankho awiri. Ndipo Hunter yemweyo, amene anapatsidwa Bednarik Award ngati wotchinga wopambana onse, sanalowe ndi m'gulu la omaliza la Jim Thorpe Award ya otchinga akumbuyo, zimene zinakwiyitsa kochi wake Deion Sanders.

Chenjezo limodzi ndi la mindandanda yonseyi pamodzi: ulemu wa mu Seputembala ndi wotchipa. Matimu aakulu amayamba chaka ndi adani ofooka amene amawalipira kuti abwere. Ngakhale mdani atakhala wolimba, kuwala koyambirira sikukhalitsa nthawi zonse: mu 2012 Geno Smith wa West Virginia anaponya mayadi 656 ndi ma touchdown 8 pa Baylor, gemu inatha 70-63, anthu n'kuyamba kumuveka Heisman. Kuchokera pakati pa Okutobala timu yake inagonja magemu asanu motsatizana, mphoto inapita kwa Johnny Manziel. Kenny Hill wa Texas A&M anatsegula 2014 ndi mayadi 511 pa South Carolina, koma chaka chisanathe anali atakhazikidwa pa benchi.

Ngati muli ndi nthawi yowerenga mndandanda umodzi wokha, werengani wa ligi ya timu yanu, ndipo ngati mulibe timu, tengani wa SEC chifukwa cha anthu a pamzere aja. Wa Walter Camp ndi wabwino pongofuna kudziwa kanema woyamba kumusaka. Amene muli ndi bandulo yokwanira, ikani wa ligi pambali pa wa PFF n'kuyang'ana pamene asemphana: wosewera amene ligi yamukweza koma PFF yamupatsa 65, kapena amene PFF yamupatsa 92 ligi osamutchula n'komwe. Gemu ya ameneyo ndi imene muyenera kuionera yonse, osati zidutswa za mphindi zitatu.