Nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za amayi eni shopu

K450 pa gemu ya Cyberpunk 2077 ya pa PS4 (makina a PlayStation 4) yoti wina anaseweramo kale si mtengo wodandaula nawo kuno ku Chipata. Ukati uitanitse ku Lusaka, ya wokutengera pa basi yokha imakweza zonse. Ndinalipira osanenerera pa shopu ya magemu ija ya ku Down Shops, yomwe ana asukulu amadzazamo masana. Chandilembetsa ndi mnyamata wa pa kauntala.

Amene munaigwirapo gemuyi mukudziwa kuti ya pa PS4 imabwera ndi madisiki awiri. Umayamba ndi Data Disc kuti gemu ikhazikike m'makina, kenako Play Disc ndiyo yosewerera. Ikasowa yoyambayo, inzake ilibe ntchito. Pogula ndinati titsegule bokosi tione, mnyamatayo akuti waona kale, n'kulizunguliza selotepu kuti "zisagwe m'njira". Kufika kunyumba ku Kapata, malaiti alipo tsiku limenelo, ndadula selotepu: Play Disc ilimo, pamalo pa inzake pali disiki ya mpira yamakedzana, yokalikakalika ngati pansi pa poto wa nsima.

Ndinabwerera dzuwa likadali pamutu. Ndinamupeza ali pa foni, kachingwe kamodzi kali m'khutu, ndipo sanakachotse mpaka nkhani yonse kutha. Ndamuonetsa bokosi, iye osaligwira n'komwe, kungoloza pepala lomatidwa pakhoma.

"Katundu akatuluka pakhomo sabwerera, mdala."

Ndinati katunduyo sanatuluke yense, theka latsala muno. Akuti mwina ana anga asinthanitsa. Ana anga anali kusukulu. Ndiye ndatulutsa risiti, kapepala kong'ambidwa m'kope komwe analemba yekha, iye n'kukayang'ana bwinobwino, n'kundibwezera akumwetulira.

"Onani apa. Palembedwa gemu 1. Imodzi mwaipeza. Vuto lili pati?"

Apo ndiye magazi anawira. Tianyamata tomwe timasewera mpira pa TV tinaimitsa gemu n'kutembenuka, tina tikuseka. Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, kuimirira pakati pa ana ndikukangana za disiki, wina akundiyesa wakuba pa katundu wogula ndi ndalama zanga. Ndinakweza mawu, sindibisa. Ndinamuuza kuti sindichoka, atseke shopu ine ndili momwemo.

Amayi eni ake anatulukira kuchipinda chakumbuyo ali ndi kope la maakaunti m'manja. "Bambo, chavuta n'chiyani? Khalani pansi kaye." Za magemu amayiwa sadziwa zambiri, koma katundu wawo amamudziwa. Anamvetsera osandidula mawu, anayang'ana disiki ya mpira ija, n'kumuuza mnyamatayo kuti atulutse madisiki m'makina onse, limodzi ndi omwe anabwera kudzakonzedwa. Anayamba kuzengereza. Anamuyang'ana kamodzi kokha. Data Disc yanga inatuluka m'PS4 ina yomwe inali pansi pa kauntala, ya mnzake, yomwe ankamuikira gemuyo mwakachetechete.

"Pepani bambo, mwanayu ndi wa alongo anga, ndikumuphunzitsa ntchito." Iye mwini pepani sananene, mpaka lero.

Chomwe chinandifewetsa mtima ndi chotsatira. Amayiwo anati ndibweretse makina anga agone pa Wi-Fi ya pashopu kuti update ilowe, osalipira kanthu. Osadziwa angaone ngati n'zazing'ono. Zomwe zili pa disiki ndi gemu ya pa 10 December 2020, ija inatuluka ndi mavuto ochuluka pa PS4 mpaka Sony inaichotsa pa PlayStation Store patangotha sabata, n'kudzaibwezera mu June 2021. Zokonza zonse za CD Projekt Red, kampani yomwe inapanga gemuyi, zimabwera pa intaneti, ndipo ndi ma GB ambirimbiri. Pa bandulo ya pa foni ndalama yake ikanaposa ya gemuyo, osanena za malaiti kuthima dawunilodi ili pakati. M'mawa mwake ndinapeza zonse zalowa, makina atapukutidwa fumbi.

Gemuyo payokha ndilibe nayo mawu. Night City, mzinda wa m'gemuyi, usiku, mvula ikugwa, zikwangwani zikuwala, Johnny Silverhand wa nkhope ya Keanu Reeves akutukwana m'mutu mwa V, munthu yemwe umamuyendetsa, ndimapezeka tambala akulira ndikadali ndi padi m'manja. PS4 yanga ndi nkhalamba, fani yake imalira kumveka pakhonde, koma ikupirira.

Bodza lina la mnyamatayo ndinalitulukira pambuyo pake. Pogula anandiuza kuti Phantom Liberty, gawo lowonjezera la gemuyi lija muli Idris Elba, "imabwera yokha ndi update". Ayi ndithu. Inatuluka mu September 2023 osaphatikizapo PS4, ndipo imagulidwa payokha. Update 2.0 nayonso PS4 inaidumpha. Ife a makina akale tinatsalira pa zokonza za 2022. Musamumvere mnyamatayo. Chokhacho chabwino n'chakuti madisiki a PS4 amenewa amakupatsa gemu ya PS5 kwaulere ngati PS5 yako ili ndi polowetsa disiki, ndiye anga ndawasunga onse awiri pamalo abwino.

Tsono pali kakope kena. Tsiku lomwe ndinkatenga makina anga, mnyamata yemweyo, wopanda ndi manyazi omwe, ananditsegulira kakope kolembedwa pamwamba kuti Cyberpunk 2. Akuti ndisiye K200 kuti ndikhale m'gulu la oyamba kulandira, "ikubwera posachedwa". Munali kale mayina, ndipo ena ndikuganiza ndi a tianyamata ta yunifolomu tija.

Gemu imeneyo ikupangidwadi, sindikukana. CD Projekt inailengeza mu 2022 pa dzina loti Project Orion, anatsegula situdiyo ku Boston chifukwa cha iyo, ndipo asiya injini yawo yakale, pulogalamu yopangira magemu, n'kutenga Unreal Engine 5. Mike Pondsmith, yemwe anayambitsa dziko la Cyberpunk ngati sewero la pa tebulo mu 1988, ananenapo kuti mudzakhala mzinda wina kuwonjezera pa Night City. Nditamva zimenezo mtima unadumpha, ndipo ndikuifuna kuposa wina aliyense m'kakope kaja. Anthu omwe anatha kudzutsa gemu yomwe dziko lonse linkaiseka ndimawapatsa ulemu.

Koma tsiku lotulukira sanalengeze. Yoyambayi anailengeza mu 2012, kanema woyamba woionetsa anatuluka mu 2013, ndipo tinadikira mpaka 2020. M'chaka chomwecho tsiku linasuntha kuchoka April kupita September, kenako November, kenako December, ndipo omwe analipiriratu ndi amene anayamba kulira. Injini yatsopano ndi situdiyo yatsopano zikhoza kubala zabwino, zikhozanso kutanthauza anthu omwe akuphunzira zida ntchito ili m'kati. Chinanso, ngati Phantom Liberty inakana PS4, yachiwiriyo ingadzaivomere bwanji? Ndiye kuti ambiri a ife tidzayamba tagula makina ena, ndipo mtengo wa PS5 mukuudziwa nokha. Ndikaganizanso kukula kwa dawunilodi yake ndi intaneti yathu ino, chimwemwe chimachepa. Ndidzaigula anthu atayamba aisewera kwa miyezi ingapo n'kutiuza zoona, osati kale.

Mapadi a pashopuyi ndi abwino, mitengo ya zingwe za HDMI ndi yofanana ndi kwina konse, malo ndi opanikiza ndipo kumatentha.

Pogula pitani m'mawa amayi alipo, ndipo bokosi litsegulidwe pa kauntala inu mukuona, selotepu ibwere pambuyo. Za kakope ka K200 kaja amayiwo sankadziwa, ndawauza ine. Anati aliyense amene analembetsa apite akatenge ndalama zake kwa iwo, osati kwa mnyamatayo.