Ulendo wa ku Leh: kudzera ku Srinagar kapena ku Manali?

Leh, tauni yaikulu ya Ladakh kumpoto kwa India, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,500, kuposa nsonga ya Sapitwa. Ndi chipululu chozizira cha m'mapiri, ndipo misewu ikuluikulu yofikako ndi iwiri. Yonse ndi ya makilomita opitirira 400, ulendo wa masiku awiri.

Wa ku Srinagar umakwera pang'onopang'ono. Mukadutsa mpata wa m'mapiri wa Zoji La mumagona m'tauni ya Kargil, pa mamita pafupifupi 2,700, thupi n'kumazolowera mpweya wochepa.

Wa ku Manali ulibe chisoni. Mpata wa Baralacha La umayandikira mamita 4,900, wa Tanglang La umapitirira 5,300. Ogona ku Sarchu, malo opumulira a panjira, ambiri amadzuka mutu ukuwawa, mseru uli tho chifukwa cha mpweya wochepa, ndipo chipatala chili kutali. Koma kukongola kwake, makamaka chigwa cha More, n'kosaiwalika.

Mafuta a galimoto: pamsewu wa ku Srinagar amapezeka m'matauni, pa wa ku Manali, mukachoka pamudzi wa Tandi mumayenda mtunda wautali osawaona.

Nyengo: misewu yonse iwiri imatsekeka ndi chipale, koma wa ku Srinagar ndiwo umayamba kutsegulidwa.

Ngati n'koyamba, kapena muli ndi ana ndi okalamba, chonde lowerani ku Srinagar. Wa ku Manali musungire pobwerera, thupi litazolowera.