Madala a galaja ya pa Nchalo anandipezera chomwe chimagwedeza mahandulo a kwadi

Izi ndalembera inu amene mumayendetsa kwadi, njinga zamoto za matayala anayi zija, m'minda ndi m'makola a ng'ombe kuno kuchigwa. Yomwe ndikunenayi ndi ya pa famu pomwe ndimagwira ntchito chaku Ngabu, koma woikwera tsiku ndi tsiku ndine ndiye ikayamba kudwala woyamba kumva ndi manja angawa.

Vuto linayamba mvula itangosiya. Ukamayenda pang'onopang'ono zonse bhobho, koma ukangofika pa sipidi ya cha pa 40 mahandulo ayamba kugwedezeka, uku ndi uku, mpaka mikono kuchita dzanzi, ukachepetsa moto zasiya. Tsiku lina inatsala pang'ono kundiponya m'ngalande nditanyamula mankhwala a nkhupakupa, ndipo ndinachita mantha zenizeni chifukwa kwadi ikagubuduka imakugwera pamwamba ndi kulemera kwake konse.

Makaniko woyamba amene ndinamuonetsa anangoyang'ana ndi maso nkuti mashoko atha kaguleni atsopano. Osaikwera, osagwira ngakhale tayala. Mtima wanga unakana. Mnzanga wina wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ndi amene anandilondolera kwa madala ena pa Nchalo, kagalaja kawo kali chapafupi ndi msewu wa M1, alibe chikwangwani, mumangoona njinga za kabaza zitandandalika panja.

Chomwe chinandigwira mtima nchakuti asanatole sipanala anayamba ndi mafunso. Imayamba pa sipidi yanji achimwene? Mukagwira buleki imachita kapena ayi? Munagundapo chitsa? Matayalawa anapopa ndani? Funso lomalizali ndinaliona ngati lachabe koma ndi pomwe panagona nkhani. Anatulutsa kageji kakang'ono koyezera mpweya wochepa, akuti geji ya galimoto pa kwadi imanama chifukwa matayala a galimoto amafuna cha m'ma 30 psi, womwe ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala, pomwe a kwadi zambiri amangofuna cha pa 5 basi. Atayeza akutsogolo, lakumanzere linali pa 4 lakumanja pa 9. Anyamata omata matayala amangopopa nkudina ndi chala, likalimba ati zatheka. Madala anatenga chingwe nkuzunguliza tayala lililonse pakati pake kuti ndione ndekha, lolimbalo linali lalikulu kuposa linzake, ndiye mawilo awiri akutsogolo amayenda ngati munthu wovala nsapato phazi limodzi. Anandiuzanso kuti ndiziyeza m'mawa matayala asanatenthe, chifukwa dzuwa lakunoli mpweya umakwera wokha masana.

Kenako anandiwerametsa kuti ndisuzumire mkati mwa marimu. Makande okhaokha, ouma gwa ngati simenti, aunjikana mbali imodzi. Amene mumadziwa dothi la ku Ngabu mukudziwa mmene limamatira nthawi ya dzinja, ndipo ine ndinkangotsuka kunja kooneka. Chibuma chimenecho wilo likamazungulira mwamphamvu chimalikokera mbali imodzi. Anagogoda ndi kachitsulo mpaka chonse chinagwa, anayesanso mabawuti a mawilo ngati ali omanga, nkuikwera okha ka ulendo kafupi pa msewu wafumbi kuseri.

Atabwerako anati zachepa koma sizinathe, pali china. Apa ndi pomwe ndinadziwa kuti munthuyu ntchito amaidziwa, chifukwa wina akanangolandira ndalama nkunditsanzika. Anaikweza pa jeki kutsogolo, nkugwira tayala dzanja lina pamwamba lina pansi nkumaligwedeza, akuti likamasewera choncho ndiye beringi kapena bolo jointi, kamfundo kachitsulo kogwira wilo, yatha. Linali nji. Anazunguliza wilo kumvetsera ngati beringi ikulira komanso kuona ngati rimu inapindika, palibe. Ndiye anagwira chammbali, dzanja uku dzanja uku, ine atandigwiritsa mahandulo kuti asasunthe. Lakumanzere linamveka kho kho. Anandiika chala pa kamutu ka tayi rodi, kachitsulo kamene kamalumikiza chiwongolero ndi wilo, ndipo ndinamva ndekha kakudumpha mkati. Kalabala kotchinga kanali katang'ambika, girisi anatuluka kalekale, mchenga ndi madzi zinalowa nkukadya. Mashoko amene ndinauzidwa kuti ndigule aja analibe vuto lililonse.

Zodandaula zilipo ndithu. Sipeya analibe, inachita kuitanitsidwa ku Blantyre ndipo ndinadikira masiku anayi pomwe anandilonjeza awiri, foni yawonso nthawi zambiri sayankha mpaka upite wekha. Pamalopo mthunzi ndi wochepa, ndiye ndi kutentha kwa pa Nchalo ngati mukupita lawirirani ndipo tengani madzi akumwa. Komanso akabaza akabwera ndi vuto laling'ono amakusiyani kaye nkuthandiza iwowo, zomwe zinandinyong'onya tsiku loyamba.

Koma atamanga katsopano sanangondipatsa makiyi. Anawongola mahandulo nkuyeza ndi tepi mpata wa pakati pa matayala awiriwo, kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake, nkumapotokola tayi rodi pang'onopang'ono mpaka miyeso inakhala momwe amafunira, akuti ukasintha kachitsuloka osayezanso matayala amadyeka mbali imodzi ndipo kugwedezeka kumabwerera. Kakale kaja anandipatsa kuti ndikaonetse abwana ku famu. Ndalama ya ntchito yawo sinafike ngakhale theka la mtengo umene ndinauzidwa wa mashoko. Anandichenjezanso kuti ndisamaithamangitse pa tala, matayala ake ndi a m'dothi.

Patha mwezi tsopano, ndadutsa nayo m'mabampu a njira yopita ku dibi kangapo konse ndipo mahandulo ali phee. Kageji kaja ndinagula kanga, kamakhala m'thumba la ovolosi.