Dzino langa lomata lija: zimene ndinaona ku Dublin

Abale anga a ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula, ndalemba izi chifukwa cha uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp, woti aliyense amene anamatitsa dzino ndi chitsulo chotuwa chija ali ndi poizoni m'kamwa. Achemwali anga atauwerenga anandiimbira foni usiku, ati mawa lake akwere minibasi kupita ku Blantyre kukazulitsa mano awiri amene sakuwawa n'komwe. Tulo sindinatione tsiku limenelo.

Inenso ndinali nalo dzino lotero. Linakhala zaka zambiri bwinobwino, mpaka tsiku lina ndili kumudzi pa tchuthi, ndikutafuna nzimbe pakhonde, ndinangomva kuti phwa! Mbali ya dzino inathetheka, chomata chija n'kuyamba kugwedera. Nditabwerera kuno ku Ireland ndinapita kwa dokotala wa mano.

Chitsulocho amachitcha amalgam, ndipo pafupifupi theka lake ndi mercury (chitsulo chamadzimadzi chapoizoni), yosakaniza ndi siliva, tini ndi kopa. Kuopsa kwa mercury si nkhambakamwa. Ku Minamata, m'dziko la Japan, anthu anapuwala ena kumwalira chifukwa chodya nsomba za m'madzi amene fakitale inkatayiramo mankhwalawa. Ife okulira pa nsomba za ku Elephant Marsh, nkhani imeneyo imatifika pamtima. Mu 2013 mayiko anagwirizana zochepetsa mercury, ndipo kuno ku Ulaya, mayiko a European Union analetsa kumata mano ndi amalgam kuyambira Januwale 2025, kupatula ngati dokotala waona kuti palibe njira ina.

Koma mawu oyamba a dokotala anali akuti chomata chimene chili bwino sachikhudza. Pochiboola m'pamene nthunzi ya mercury imatuluka yambiri, komanso makina amadya ndi mbali ya dzino labwino. Ndinali ndi zomata ziwiri. Anachotsa chothethekacho basi, chinacho chikadali m'kamwa mwanga mpaka lero.

Mmene anachotsera ndi zimene ndikufuna mumvetsetse. Atandibaya jakisoni wa dzanzi, anayala kampira kopyapyala m'kamwa monse, dzino lokhalo n'kutulukira pakabowo, kuti zidutswa zisapite kukhosi. Makina oboolera ankathira madzi ozizira osalekeza, chifukwa chitsulocho chikatentha chimatulutsa nthunzi yambiri. Namwino anagwira kapaipi koyamwa mwamphamvu pafupi ndi dzino nthawi yonseyo. Dokotalayo sanachipere ngati mgaiwa ayi, anachidula m'magawo n'kumachotsa chidutswa chimodzichimodzi. Ngakhale madzi ochokera m'kamwa mwanga anadutsa m'sefa yogwira zinyenyeswazi, kuti zisakathere mumtsinje.

Kenako anandifunsa choika m'malo mwake. Ndinasankha composite, yoyera ngati dzino lenileni, imene amaiumitsa ndi kuwala kwa buluu. Imafuna pamalo pouma kwambiri poika, malovu akalowa sigwira bwino, ndipo pa mano otafunira nthawi zambiri sikhalitsa ngati amalgam. Za seramiki ndi golide anazitchula, koma mtengo wake ndinangopukusa mutu. Chimene chinandikumbutsa kwathu ndi glass ionomer. Siyolimba kwenikweni, koma imatulutsa fluoride yoteteza dzino, ndipo pabowo laling'ono angathe kuiika ndi zida za pamanja popanda makina oboolera. Njira imeneyi inayambira kwa anzathu a ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980. Kwathu kumene magetsi amathima dokotala ali pakati pa ntchito, ndikuona kuti n'chinthu choyenera kuchifunsa, makamaka pa mano a ana.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, inu ndiye musathamangire konse kuchotsa chomata chimene sichikuvuta. Ndipo nonsenu, chonde, musalole munthu wa pamsika kukugogodani dzino. Dzino la munthu wamkulu likazulidwa silimeranso, oyandikana nalo amayamba kupendama, kutafuna chimanga chootcha n'kusanduka ntchito.

Achemwali ndinawapempha kuti ku Blantyre apitebe, koma akapimitse, osati kukazulitsa. Akafunse ngati chomata chawo chang'aluka kapena pansi pake pabola, ndipo ngati n'chofunika kuchotsa, afunse ngati pali kampira kaja ndi kapaipi koyamwa. Avomera. Ndalama ya thiransipoti ndawatumizira dzulo, anyamuka Lachiwiri m'mamawa dzuwa la ku Chikwawa lisanayambe kuswa mtengo.