Impso ya mu kulabokosi kapena ya pamashini, yabwino ndi iti?

Impso ikangochotsedwa m'thupi mwa munthu kuti ikaikidwe mwa wina imayamba kufooka pompo chifukwa magazi sakufikako, nde madokotala amakhala pa mpikisano ndi nthawi kuti ikafike kwa wodwala isanaonongeke. Njira zoisungira zilipo zitatu koma zomwe zikulimbana zenizeni ndi ziwiri.

Yakale ndi ya ayisi. Amaitsuka ndi madzi a mankhwala ozizira, ambiri amagwiritsa UW solution yomwe anapanga Folkert Belzer ndi James Southard ku University of Wisconsin m'ma 1980, kenako m'mapulasitiki, m'kulabokosi, pa madigiri 4 basi. Zili ngati chambo chochokera ku Mangochi, ayisi amangochedwetsa kuonongeka. Ndiyotchipa, sifuna magetsi, galimoto iliyonse itha kunyamula. Vuto lake maola akamachuluka, makamaka kupitirira 24, impso imachedwa kudzuka ikaikidwa. Madokotala amati delayed graft function, munthu wapangidwa opaleshoni koma sabata yoyamba akubwereranso pa dayalisisi, mashini osefa magazi, podikira kuti impsoyo iyambe kugwira ntchito, ndipo zikatere amakhalitsa m'chipatala.

Yachiwiri impsoyo ndiyozizirabe koma amailumikiza ku kamashini, monga LifePort, komwe kamapopa madzi aja mkati mwa mitsempha yake ulendo onse. Apa umboni ulipo wogwirika. Mu 2009 Cyril Moers ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa ku Netherlands, Belgium ndi Germany, pa impso za anthu omwalira 336, ndipo chimene ndimakondera kafukufukuyu nchakuti kwa munthu mmodzimmodziyo impso ina inkapita mu ayisi inayo pamashini, nde palibe zoti mwina mwini wake anali odwalika. Za mu ayisi 26.5% zinachedwa kudzuka, za pamashini 20.8%. Patatha chaka 94% za pamashini zinali zikugwirabe ntchito pomwe za mu ayisi zinali 90%. Ena aziti kusiyana kwake nkochepa, koma anthu 4 pa 100 aliwonse kubwerera pa dayalisisi katatu pa sabata si masewera ayi. A ku Netherlands anangopanga ya pamashiniyi kukhala njira yawo ya nthawi zonse mu 2016. Kenako kafukufuku wa COMPARE mu 2020 anaonjezera okosijeni m'madzimo, pa impso za anthu a zaka 50 kupita m'mwamba omwe anamwalira mtima utaima, osati aja omwe ubongo unafa mtima ukugundabe, ndipo thupi kukana impso kunachepa.

Yachitatu ndi yotenthetsa, kupopa magazi ofunda okhala ndi okosijeni ngati impso ili m'thupi. Sarah Hosgood ndi Michael Nicholson anayamba izi ku Leicester mu 2011. Kumveka kwake nkokoma heavy, koma atayesa bwinobwino ku UK zotsatira za 2023 zinaonetsa kuti ola limodzi lotenthetsa silinachepetse kuchedwa kuja poyerekeza ndi ayisi. Ine iyi ndaiika kaye pambali.

Tsono zonsezi zikukhudza kwambiri impso za omwalira. Abale athu ambiri ochokera pa dayalisisi ku Queens kapena ku Kamuzu Central amapita ku India ndi mchimwene kapena mchemwali woti awapatse impso, maopaleshoni awiri nthawi imodzi chipatala chimodzi, impso sikhalitsa panja nde ayisi ndiwokwanira, munthu asakuwerengereni ndalama zina za mashini pamenepo. Koma inu muli pa mndandanda wodikira impso ku UK kapena ku Joni, foni ikadzalira kuti impso yapezeka, funsani ngati mwini wake mtima unaima kaye, zaka zake, yakhala maola angati panja komanso ngati yabwera pamashini. Ikakhala ya munthu wachikulire yoti yayenda mtunda, ine ndingakonde ya pamashini.